Nkhuyu zodya mwana zipote wamkulu uti?

M'chaka cha 1818, bwanamkubwa wa Cape, Lord Charles Somerset, anapereka kwa Andries Bruins malo a m'mphepete mwa False Bay. Pa chikalata cha malowo panali lamulo lakuti pasakhale nyumba yogulitsiramo vinyo. Malo amenewo ndiwo tauni ya Fish Hoek lero, ndipo lamulo lija linakhalitsa kuposa onse amene analilemba. Njanji yopita ku Simon's Town inadutsa mu 1890, nyumba zinakwera m'mbali mwa mapiri, maboma anasintha, koma kwa zaka pafupifupi 200 munthu wofuna botolo la mowa ankayenera kutuluka m'tauniyo kukaligula kwina. Panali ngakhale gulu la nzika lotchedwa Defenders of Fish Hoek lomwe linkalondera lamuloli. Malesitilanti anayamba kupatsidwa ziphaso m'zaka za m'ma 1990, ndipo sitolo yogulitsa mabotolo yangobwera zaka zaposachedwapa.

Lamulo la Somerset linalondera pamsewu, koma kukhitchini silinafikeko. M'makomo a m'dera la Cape mowa umalowa m'zakudya zotsekemera monga momwe nsinjiro zimalowera m'ndiwo kwathu. Pali pudding ya zipatso za kanjedza yothiridwa madzi a shuga ndi brandy, imene eni ake amaitcha tipsy tart. Pali keke ya Khirisimasi imene amaidonthezera brandy kwa milungu ingapo isanadyedwe. Pali trifle wa sherry, Dom Pedro amene ndi ayisikirimu wosakaniza ndi whisky kapena Amarula, ndiponso maswiti a chokoleti okhala ndi kadontho ka mowa pakati. Zonsezi n'zokongola m'maso ndi zotsekemera pakamwa, ndipo mwana akaziona amatambasula dzanja.

Amene amapakula zakudyazi nthawi zambiri si amene anazikonza. M'mawa uliwonse mamini basi ochokera ku Masiphumelele amatsitsa ku Fish Hoek, Sun Valley ndi Noordhoek anthu ogwira ntchito zam'nyumba, olera ana, osamalira maluwa ndi operekera zakudya m'malesitilanti, ndipo pakati pawo pali Amalawi ambiri. Nkhani iyi ikuwakhudza mwachindunji.

Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, koma aliyense amene anagwirapo ntchito m'nyumba za m'chigwa cha Fish Hoek achizindikira. Ndi Loweruka la mu Disembala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakhomo pali phwando la mwana wokwanitsa zaka zinayi. Dzulo lake madamu anakonza mbale ziwiri za trifle, ina ya ana, ina ya akuluakulu yothira sherry. Zonse zili m'firiji, pashelefu imodzi, jelly wofiira pansi, kasitadi wachikasu pakati, kirimu pamwamba. Ayezi watha, madamu akuthamangira ku Longbeach Mall, ndipo ali pakhomo akutembenuka n'kunena kuti ana apatsidwe pudding. Mayi wantchito atulutsa mbale imene ili kutsogolo, agawira ana asanu ndi mmodzi. Patapita theka la ola, kamtsikana kamodzi kayamba kudzandira, kasanza, kenaka kagona pa udzu tulo tosadzutsika bwino.

Akale anati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Funso n'lakuti zipote wamkulu uti.

MUTU WA MTSUTSO

Munthu amene wapereka kwa mwana chakudya kapena chakumwa chokhala ndi mowa, ngakhale atachita mosadziwa, ndiye ayenera kusenza mlandu.

MBALI YOVOMEREZA

1. Kwa mwana, mowa pang'ono ndi wambiri. Ovomereza amayambira pa thupi la mwanayo. Kapu kakang'ono ka mamililita 25 ka brandy wa mphamvu ya 43 peresenti kamakhala ndi magalamu pafupifupi 8.5 a mowa weniweni. Bambo wolemera makilogalamu 72 akamwa, mwina angomva kutentha pachifuwa. Mwana wa makilogalamu 12 akalandira mlingo womwewo, pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake walandira kasanu ndi kamodzi kuposa bambo uja. Choopsa kwambiri chili m'chiwindi. Chiwindi cha mwana wamng'ono chimasunga shuga wochepa, ndipo mowa umachilepheretsa kupanga shuga wina watsopano. Shuga wa m'magazi akatsika, mwana akhoza kukomoka kapena kuyamba kuphupha ngati wa khunyu, thupi limazizira, kupuma kumachepa mphamvu. Zimenezi zimachitika chimodzimodzi kaya wopereka anali ndi mtima wabwino kapena woipa. Popeza ngoziyo ndi yaikulu chotere, akutero ovomereza, munthu womaliza kugwira mbale ndiye anali ndi mpata womaliza woiletsa, ndipo mpata umenewo umabwera ndi udindo.

2. Lamulo limafuna kuti wamkulu afunse. Lamulo la mowa la South Africa, Liquor Act ya 2003, m'gawo 10 limaletsa kugulitsa kapena kupereka mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, ndipo chigawo cha Western Cape chili ndi lamulo lakenso la 2008. Pa nkhani ya kusasamala, makhoti a dzikolo amatsata muyezo umene unakhazikitsidwa mu 1966 pa mlandu wa Kruger ndi Coetzee, womwe unali wa mahatchi amene analowa mumsewu n'kuchititsa ngozi. Woweruza Holmes anafunsa mafunso osavuta: kodi munthu wanzeru zake, ali pamalo a woimbidwa mlanduyo, akanaona kuti ngozi ingachitike? Kodi akanachitapo kanthu kuti ailetse? Nanga woimbidwa mlanduyo anachita zimenezo? Ovomereza amati munthu wanzeru zake, ataona mbale ziwiri zofanana m'firiji pa tsiku la phwando la ana ndi akulu omwe, akanadabwa chifukwa chake zili ziwiri. Foni inali m'thumba. Kununkhiza sikutenga mphindi. Safunsa anadya phula, ndipo apa phulalo wadyetsa mwana wa eni.

3. Mawu akuti "sindinadziwe" akhoza kusanduka mthunzi wa aliyense. South Africa si dziko limene lingaitenge mopepuka nkhani ya ana ndi mowa. M'minda ya mphesa ya Western Cape antchito ankalipidwa ndi vinyo kwa mibadwo yambiri, ndipo chigawochi chili m'gulu la madera amene ali ndi ana ochuluka kwambiri padziko lonse obadwa ndi vuto lobwera chifukwa cha mowa umene mayi ankamwa ali woyembekezera. Pa 26 Juni 2022 achinyamata 21 anamwalira pa tsoka la m'bala ya Enyobeni ku East London, wamng'ono kwambiri ali ndi zaka 13. Mu Febuluwale 2024 eni balayo anapezeka olakwa pa mlandu wogulitsa mowa kwa ana, ndipo chindapusa chinali R5,000 aliyense. Mu Seputembala 2023 ana pafupifupi 90 a pasukulu ya pulayimale ya Pulamadibogo ku Soshanguve anadwala atadya timakeke tokhala ndi chamba timene anagula popita kusukulu. Milandu imeneyi si yofanana ndi ya trifle uja, ndipo ovomereza sanena kuti ndi yofanana. Chimene akunena n'chakuti m'dziko limene ngakhale ogulitsa dala amatuluka ndi chilango chochepa chotere, kutsegula khomo lakuti wopereka mosadziwa alibe mlandu n'kupereka chothawira kwa amene ankadziwa ndithu. Mlandu ukagawidwa kwa aliyense, mapeto ake palibe amene amausenza.

4. Mwambo wa kwathu umanena zomwezo. Mayi aliyense wa ku Dedza kapena ku Chipata amadziwa kuti thobwa silikhala thobwa mpaka kalekale. Lero ndi lotsekemera, ana amamwa ndi chikho chodzaza. Likagona masiku angapo m'nyengo yotentha limayamba kuwira ndi kusasa, ndipo chimera chimakhala chayamba kulisandutsa mowa. N'chifukwa chake mayi asanatungire mwana thobwa logona amayamba walawa yekha. Palibe anamulembera lamulo limeneli. Akapanda kulawa mwana n'kuledzera, apongozi ake sakafunsa amene anafulula, adzafunsa amene anatunga.

MBALI YOTSUTSA

1. Wodziwa ndi amene anathira. Otsutsa amati mlandu uyenera kutsata chidziwitso, ndipo m'nyumba ija munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa mbale imene inali ndi sherry. Iyeyo ndiye anaziika pashelefu imodzi, sanalembepo kanthu, ndipo anatuluka atasiya mawu osakwanira. Fanizo la thobwa amalikana ndi chifukwa chomveka: thobwa losasa limadziulula lokha ndi fungo ndi thovu, ndipo mayi uja analidziwa kuyambira ali mwana. Zotsekemera za mowa zimakonzedwa dala kuti mowawo ubisale pansi pa shuga, kirimu ndi vanila.

Palinso chikhulupiriro chofala pakati pa ophika chakuti mowa umauluka wonse ukapita pamoto. Kafukufuku amene anachitika ndi thandizo la unduna wa zamalimidwe wa ku America, wofalitsidwa mu 1992, anasonyeza kuti si choncho. Chakudya chikaphikidwa mphindi 15, pafupifupi 40 peresenti ya mowa imatsalamo. Pakatha ola lathunthu pamatsala pafupifupi 25 peresenti, ndipo pamafunika maola awiri ndi theka kuti utsike kufika pa 5 peresenti. Mowa woyatsidwa moto pamwamba pa chakudya umatsala pafupifupi 75 peresenti. Mu trifle ndi mu Dom Pedro mowa sufika n'komwe pamoto, ndipo brandy wa tipsy tart amathiridwa pudding itapsa kale. Ngati mwini khitchini, amene anagula botolo n'kuliyeza yekha, akhoza kunamizika chotere, n'chilungamo chanji kuyembekezera kuti wongopakula adziwe zoposa iye?

2. Kufunsa ndi kulawa si kwaulere kwa aliyense. Apa ndi pamene otsutsa amakhalitsa, ndipo m'pomveka. Mawu akuti "akanangolawa" ndi osavuta kwa munthu amene sanagwirepo ntchito m'nyumba ya wina. M'nyumba zambiri wantchito wopezeka akulowetsa supuni m'chakudya cha alendo amaonedwa ngati wakuba. Mayi wachisilamu wochokera ku Mangochi, amene sanalawepo mowa chibadwire, sangazindikire sherry ngakhale atamununkhiza, ndipo chipembedzo chake sichimulola kuphunzira kukoma kwake. Dzina lakuti tipsy tart limachenjeza munthu amene anakulira m'Chingerezi cha ku Cape. Kwa amene anaphunzira Chingerezi ku pulayimale ya ku Nkhata Bay, ndi dzina chabe la pudding. Ndipo wantchito wofunsafunsa amadziwa mmene nkhope ya abwana imasinthira akafunsa kachitatu.

Mphamvu m'nyumbamo sizofanana. Madamu akalakwitsa, banja limati ndi ngozi, amapepesana, nkhani n'kutha. Wantchito akalakwitsa chimodzimodzi, Lolemba akhoza kupeza geti lokhoma. Malamulo a ntchito amamuteteza, ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA, bungwe loona za mikangano ya pantchito, ngati wachotsedwa popanda chilungamo, koma amene mapepala ake sali bwino amaopa ngakhale kuyandikira ofesi ya boma. Ndalama ya lendi ya chipinda ku Masiphumelele, fizi ya ana kumudzi, feteleza wa amayi ake, zonse zimapachikika pa mbale imodzi imene sanakonze. Mthenga saphedwa, amatero otsutsa. Malamulo a South Africa nawo amavomereza kuti wolemba ntchito amayankha pa zolakwa zimene wantchito wachita akugwira ntchito imene anatumidwa.

3. Kumene zoterezi zinachitikadi, chimene chinakonzedwa ndi kachitidwe ka zinthu. Mu Epulo 2011, palesitilanti ya Applebee's ku Madison Heights, pafupi ndi Detroit ku America, mwana wa miyezi 15 anapatsidwa chakumwa chokhala ndi mowa m'kapu yake m'malo mwa jusi wa maapozi. Masiku ochepa izi zisanachitike, ku Lakeland m'chigawo cha Florida, mwana wa zaka ziwiri anapatsidwa sangria, chakumwa cha vinyo, palesitilanti ya Olive Garden m'malo mwa jusi wa malalanje. Applebee's inalamula kuti jusi wa ana azithiridwa patebulo pomwepo kuchokera m'kabotolo kotseka, ndipo Olive Garden inasiya kusakaniziratu sangria wambiri n'kumusunga. Makampani onse awiri anaona kuti ngati zakumwa za ana ndi za akulu zikusungidwa m'majagi ofanana, tsiku lina woperekera wina adzasokoneza, akhale wosamala chotani.

Nthawi zina cholakwa chimachokera kutali kwambiri ndi dzanja lopereka. Mu Julaye 2025 kampani ya High Noon ku America inaitanitsa katundu wake m'masitolo chifukwa zitini zina zolembedwa dzina la chakumwa chopatsa mphamvu cha Celsius zinali zitadzazidwa chakumwa cha vodka. Wopanga zitini anatumiza zitini zopanda kanthu kufakitale yolakwika. Munthu wopereka chitini chotere akanawerenga lebulo bwinobwino n'kunamizidwa ndi lebulo yomweyo. Ndipo azimayi ambiri a ku Malawi amene analerera ana gripe water sadziwa kuti mankhwala amene William Woodward anayambitsa mu 1851 anali ndi mowa wokwana 3.6 peresenti kwa zaka zoposa zana, mpaka dziko la Britain linauchotsa mu 1992. Palibe angaimbe mlandu amayi onse amene anamwetsa makanda awo supuni imeneyo.

N'chifukwa chake Consumer Protection Act ya 2008, m'gawo 61, imaika udindo pa wopanga, woitanitsa kunja, wogawa ndi wogulitsa katundu amene wavulaza munthu chifukwa chokhala woopsa kapena wopanda chenjezo lokwanira, ngakhale patapanda umboni wa kusasamala. Maboma a kwathu anaganizanso motero. Pamene ana asukulu ankapezeka ndi timapaketi ta mowa m'matumba a yunifolomu, Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, ndipo Malawi nayo inaletsa masacheti. Analimbana ndi kapaketi kotchipa kooneka ngati ka maswiti, chifukwa kuthamangitsa wogulitsa aliyense payekha kunali kutunga madzi ndi dengu.

4. Chilango chimabala chinsinsi, ndipo chinsinsi ndicho chingaphe mwana. Ola loyamba ndilo lofunika. Wantchito amene akudziwa kuti akaulula ntchito yatha akhoza kutsuka mbale msangamsanga, kugoneka mwana n'kunena kuti watopa ndi dzuwa. Mwana wogona tulo ta mowa, shuga akutsika popanda womuyang'anira, ali pangozi yoposa ya mwana amene wathamangitsidwa kuchipatala. Dokotala amene wauzidwa kuti mwana wadya trifle wa sherry nthawi yakutiyakuti amayeza shuga pomwepo. Amene sanauzidwe amayamba kufufuza malungo a m'bongo, kugwa kapena poizoni wina, nthawi ikupita.

5. Makolo nawo ali ndi gawo lawo. Gawo 10 lija la Liquor Act limalola kholo kapena womulera mwana mwalamulo kumupatsa mowa wochepa mwa apo ndi apo, iye ali pomwepo akuyang'anira. Lamulo likuzindikira kuti mwini chisankho pa zimene mwana amadya ndi kholo. Kholo lofika ndi mwana paphwando pamene pali mowa patebulo lililonse, n'kukhala kuseri osayang'ana mbale ya mwana wake, silingataye udindo wonse kwa mlendo amene anapakula.

KUYEZA MBALI ZONSE

Mutuwu, monga waikidwira, sungavomerezedwe. Ukuika mlandu wonse pa dzanja lomaliza, pamene zitsanzo zenizeni zikusonyeza kuti ngozi imakhala itakonzeka kale dzanja limenelo lisanafike: m'jagi la ku Applebee's, m'chitini cholakwika cha kufakitale, pashelefu ya firiji pamene mbale ziwiri zofanana zagundana. Ndi bwino kukumbukira mmene mlandu wa mahatchi uja unathera. Khoti la apilo linapeza kuti mwini mahatchi ankadziwa za ngoziyo, koma geti la pamalo a mahatchiwo linkasiyidwa lotsegula ndi anthu ena, iye anali atadandaula kale, ndipo wosumayo sanasonyeze china chanzeru chimene akanachitanso. Sanapezeke wolakwa. Muyezo umene ovomereza akudalira umafunsa za munthu wanzeru ali pamalo a woimbidwa mlanduyo, ndi zimene ankadziwa ndi zimene akanatha kuchita, ndipo malo a mayi wa ku Mangochi m'khitchini ya ku Fish Hoek si malo a madamu.

Komabe otsutsa akapitirira n'kunena kuti wopakula alibe gawo lililonse, akhala atapyola. Mfundo ya ovomereza yokhudza thupi la mwana siyankhika, ndipo ya thobwa ili ndi choonadi chake ngakhale fanizolo likutsimphina. Wolera mwana amene wagwira ntchito zaka zisanu m'nyumba imodzi, amene anaonapo botolo la sherry likutsitsidwa Khirisimasi iliyonse, ali pamalo osiyana ndi mtsikana amene wafika mwezi watha. Woperekera zakudya palesitilanti ya m'mphepete mwa nyanja, amene anaphunzitsidwa zomwe zili mu Dom Pedro n'kuika galasi kutsogolo kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri poganiza kuti ndi milkshake, ali ndi choyankha, ngakhale mwini lesitilanti amene amathira zonse ziwiri m'magalasi ofanana ali ndi choyankha chachikulu. Gawo la munthu likukula malinga ndi zimene ankadziwa, ndiponso mphamvu imene anali nayo yosintha zinthu. M'chitsanzo chija gawo lalikulu ndi la amene anathira sherry n'kukhala chete. La wopakula ndi laling'ono, ndipo ndi loyenera kulangizidwa, osati kuchotsedwa ntchito.

Pali malo amodzi pamene wolemba nkhaniyi sapeza chomukhululukira aliyense, wantchito kapena bwana. Ndi pamene munthu wazindikira cholakwacho n'kuchibisa. Kupakula mbale yolakwika kunachitika mosadziwa. Kutsuka mbale n'kunena kuti mwana watopa ndi dzuwa kumachitika munthu akudziwa. N'chimodzimodzinso mwini phwando amene amaletsa kuimbira makolo a ana enawo poopa manyazi pakati pa anzake. Koma amene akufuna kuti wantchito azilankhula zoona msanga ayenera kumuuziratu, tsiku limene akumulemba ntchito, kuti kuulula ngozi ya mwana sikudzamuchotsetsa ntchito. Lonjezo limenelo liyenera kuchokera kwa abwana, chifukwa wantchito sangalipemphe yekha.

Zoyenera kuchita n'zotchipa kwambiri poyerekeza ndi usiku umodzi m'chipatala. Wothira mowa m'chakudya amate tepi pambale n'kulembapo, aiike pashelefu yapamwamba, ndipo anene ndi pakamwa kwa aliyense amene adzatsegule firijiyo, m'mawu osavuta, kuti iyi ili ndi mowa, si ya ana. Pamsika wa tchalitchi kapena wa sukulu, pamene makeke amachokera m'makhitchini makumi awiri osiyana, wolandira makekewo afunse aliyense wobweretsa. Maswiti a chokoleti obwera ngati mphatso awerengedwe kuseri kwa bokosi asanathiridwe m'mbale ya pabalaza. Amalawi amene akhalitsa m'chigwachi, m'mipingo ndi m'magulu awo a chipereganyu, akhoza kuuza obwera kumene mayina asanu kapena asanu ndi limodzi a zotsekemera zoyenera kufunsa kaye, monga momwe amawauzira kale za mabasi ndi malo ogona.

Zikachitika, mwana asasanzitsidwe mokakamiza ndipo asasiyidwe yekha kuti agone. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, apatsidwe chakumwa cha shuga. Ngati wafooka, agonekedwe cham'mbali kuti masanzi asamutsamwe. Nambala ya thandizo pa za poizoni ku Western Cape, imene imayendetsedwa ndi akatswiri a chipatala cha Red Cross ku Rondebosch ndi cha Tygerberg, ndi 0861 555 777, ndipo imayankhidwa usana ndi usiku. Chipatala cha False Bay chili mu Fish Hoek momwemo. Kumeneko adzafunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati, akulemera bwanji, wadya chiyani, chochuluka bwanji, nthawi yanji, ndipo munthu amene angayankhe mafunso atatu omalizawo molondola ndi mayi uja amene anagwira supuni. Akwere nawo galimoto, atanyamula mbale ya trifle ndi botolo la sherry, ndipo wina wotsala pakhomo aimbire makolo a ana asanu enawo.